Ng'ombe Zinatsika Nthawi Isanakwane

"Tabwereza mawu amenewo, Kaspar! Tabwereza uli m'nyumba ya bambo athu muno!"

"Ndibwereza, achimwene, ndaba kanthu ngati? Mizinga ya Afalansa anuwo ndi yoombera pa ukwati. Nkhondo ikangobuka, mwezi usanathe tidzakhala tikumwa khofi ku Paris."

"Tidzakhala! Iwe ndi yani? Ajeremani akowo unawapukutira nsapato ku usilikali zaka ziwiri, anakupatsa chiyani? Kamendulo kachitini ndi dzina lachipongwe. Galu akagona pakhomo pa bwana amadziyesa wachibale."

Salome anatsitsa mbale ya mbatatesi patebulo mwamphamvu, moti mafuta a nkhumba anathovokera pa malaya a kutchalitchi a mwamuna wake, Mathis.

"Idyani," anatero. "M'kamwa mukakhala chakudya, mwina Paris apumako."

Linali Lamulungu loyamba la Julaye, m'chaka cha 1914. Kwathu kuno ku Alsace nyumba iliyonse ili ndi mkangano wake, koma wa kwa a Iltis unkamveka mpaka kuchigayo. Mathis, mkuluyo, anabadwa dziko lino likadali la Falansa, ndipo ali mnyamata anamenya nawo nkhondo imene Afalansa anagonja n'kutisiya m'manja mwa Ajeremani. Chifalansa chimene ankadziwa chinali cha malamulo a pa perete ndi kutukwana basi, koma mtima wake unali kuseri kwa phiri, ku Falansa. Kaspar, mng'ono wake, anakulira m'sukulu ya Ajeremani, ndipo mkazi wake anamwalira osamusiyira mwana. Abale awiriwa anali ndi munda umodzi, khola limodzi, ndi wolowa m'malo mmodzi: Tobias, mwana wa Mathis ndi Salome. Nyengo yotentha Tobias ankakhala kubusa, pamsana pa phiri, kukama ng'ombe ndi kupanga tchizi, ndipo ankatsika Lamulungu lokha.

"Bambo aang'ono, popeza inu mumawerenga nyuzi, tandithandizani samu iyi," anatero Tobias akunyema buledi. "Mnyamata wina kutali uko waombera wolowa ufumu wa ku Ositiriya. Ife tinaliko?"

"Sitinaliko," anayankha Kaspar.

"Ositiriya akuti mlandu ndi wa Sebiya, amukwapula. Sebiya ali ndi nkhoswe yake, Rasha. Ositiriya nayenso ali ndi yake, Jeremani. Rashayo anapalana ubwenzi ndi Falansa. Ndiye ngati ndawonkhetsa bwino, chifukwa cha maliro a munthu amene sitinamuonepo, ine ndiyenera kukaombera alamu anga a ku Falansa, a Firmin, amuna a mlongo wanga Odile, amene ng'ombe zawo zimamwa kasupe mmodzi ndi zathu. Pakati pa busa lawo ndi lathu pali kampanda ka miyala kofika m'chiunomu, ndiwo malire a mayiko awiriwa. Ndalakwitsa pati?"

"Pali ulemu wa dziko, mwana iwe," anatero Kaspar.

"Pamenepo wanena zoona," anavomera Mathis, "kungoti dziko lake walakwitsa."

"Ndipo palibe amene akufuna nkhondo," anapitiriza Kaspar, akuloza m'bale wake ndi foloko. "Ife tikuumba mizinga chifukwa Arasha akuchulukitsa asilikali, ndipo Afalansa awonjezera zaka za usilikali."

"Awonjezera chifukwa inu mukuumba mizinga!"

Tobias anaseka. "Ndiye kuti aliyense akunola mpeni poona mnzake akunola. Nanga mbuzi yake ndi iti?"

"Mbuzi yake ndiwe, chitsiru iwe," anatero Salome. "Ukuseka chiyani?"

Mathis anagogoda tebulo ndi chala.

"Nkhondo ikabuka, mwana wanga adzalumpha mpanda, akavale buluku lofiira la asilikali a Falansa ngati bambo ake. Magazi salakwitsa njira."

"Akatero ndi wothawa usilikali," anatero Kaspar. "Anatumikira kale mfumu, analumbira atagwira mbendera. Boma lidzalanda gawo lake la munda, ndipo akadzamugwira ndi chipolopolo. Mwana wa nyumba ino adzapita kumene anzake a m'mudzi akupita, mutu uli m'mwamba."

"Mwana ndi wako?"

"Munda umene adzadye ndi wanu nokha?"

Salome anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana mlamu wake. "Ndakhala ndikumvetsera," anatero. "Uyu akuti akafe atavala chofiira, uyu akuti akafe atavala chotuwa. Ndikudikira woti anene kuti asafe. Alipo?"

"Iwe Salome, za mayiko zisiyire amuna."

"Za mayiko tengani, bambo a Tobias. Koma uyu sanatuluke m'nyuzi, anatuluka mwa ine. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mwana wanga mukumuimika pamvula pakati pa mapanga anu."

Patapita milungu iwiri nyuzi zinayamba kubwera ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo anthu anayamba kugula shuga ndi ufa ngati kukubwera njala. Salome sanafunse nzeru kwa munthu. Anakulunga tchizi chokhwima bwino m'nsalu, napita kwa a Kuhnke, wapolisi wa m'mudzi mwathu. A Kuhnke anali mlendo wochokera kumpoto, kudziko lopanda phiri, munthu wonenepa wa maondo otupa, amene pa zaka zonse anakhala pakati pathu ankangomanga oledzera, n'kuwamasula mowa ukawathera.

"Mayi Iltis, ichi ndi chiphuphu?"

"Ndi tchizi, bwana."

"Zakhala bwino, poti chiphuphu sindilandira." Anachinunkhiza, nachiika m'kabati. "Nenani."

"Nkhondo ikabuka, mwana wanga mudzamuitana bwanji?"

"Lamulo likafika ndimamata chikalata pakhomo pa tchalitchi, kenako ndimayenda khomo ndi khomo. Amene ndamupeza, ndamupeza."

"Nanga amene simunamupeze?"

A Kuhnke anayang'ana pawindo, kumene phiri linaima ndi mitambo yake, nasisita bondo.

"Mayi, inenso ndili ndi anyamata awiri kwathu. Phiri ilo sindinalikwerepo, ndipo sindiyamba chaka chino. M'busa amene ali kumwamba ndi ng'ombe sanawerenge chikalata chilichonse, ndipo akandifunsa ndidzayankha choncho. Zinthu izi nthawi zina zimangofuka utsi, akuluakulu n'kugwirana chanza. Pofika tsiku la Mikayeli, kumapeto kwa Seputembala, mukamadzatsitsa ng'ombe, mwina zidzakhala zitazizira. Koma mundimvetse bwino: akadzaponda m'mudzi muno anthu akuona, manja anga ndi omangika."

Madzulo a tsikulo Salome anawaimika amuna awiriwo kukhitchini ngati ana oba mazira.

"Ng'ombe sizitsika, mwana satsika, mpaka Mikayeli. Tchizi muzikatenga inu, madoda, miyendo muli nayo. Lumbirani."

"Ine ndilibe nazo vuto," anatero Mathis. "Bola akhale komweko kusiyana n'kuti akafere mfumu ya ku Berlin."

"Inenso chimodzimodzi," anatero Kaspar. "Bola akhale komweko kusiyana n'kuti alumphe mpanda, atichititse manyazi."

"Sindinafunse zifukwa. Lumbirani."

Analumbira, aliyense maso ali pa dzanja la mnzake.

Kuipa kwa lumbiro la anthu awiri n'kwakuti aliyense amasunga lake ndi diso limodzi, linalo lili kuyang'anira la mnzake.

Pakhonde pa a Iltis, monga pa khonde lililonse kwathu, pankapachikidwa mabelu aakulu a ng'ombe. Ng'ombe zathu zimavala mabelu amenewa kawiri kokha pachaka: tsiku lokwera kuphiri ndi tsiku lotsika. Masiku ena onse zimayenda ndi timabelu tating'ono. Belu lalikulu kuposa onse, longa mphika, linali la Lisel, ng'ombe yotsogolera.

Lolemba la sabata yomaliza ya Julaye, Mathis anadzuka n'kupeza khoma lili pululu, kwatsala misomali yokha.

"Mabelu ali kuti?"

"Ndikudzoza mafuta malamba ake," anayankha Kaspar ali m'khola. "Ayamba kuuma."

"Mu Julaye?"

"Chikopa chimadziwa mwezi?"

"Usandiyese mwana. Ukufuna kutsitsa ng'ombe, ukapereke Tobias kwa mabwana ako."

"Ndikungokonzeka, achimwene. Munthu akafolera denga si kuti waitana mvula."

M'mawa mwake Mathis anati akukatenga tchizi, ndipo anabwera mochedwa, zikhatho zili zokalikakalika. Tsiku lotsatira Kaspar anakwera naye phiri kukaona yekha, nabwerera akupuma ngati mvukuto.

"Alamu! Amuna anu agumula mpanda wa malire! Pali mpata woti ng'ombe ziwiri n'kudutsa moyandikana!"

"Miyala inali itapendekeka," anatero Mathis, osasiya kutsopa kaliwo wake. "Ndikukonza."

"Kukonza kumayamba ndi kugumula?"

"Unayamba wamangapo mpanda iwe?"

"Mukufuna kuwolotsa ng'ombe ndi mwana yemwe kupita kwa Firmin!"

"Ndangotsegula khomo. Khomo lotsegula silikankha munthu. Iwe bweza mabelu pakhoma, ine ndibweza miyala."

"Bwezani miyala kaye, mabelu abwerera okha."

"Anayamba ndani?"

"Anayamba ndi amene amalota buluku lofiira chaka ndi chaka!"

"Abale inu, mwakalamba opanda nzeru?" Salome analowerera atagwira chipande. "Atambala awiri salira m'khola limodzi, koma inu mwalira zaka zonsezi ndipo kunja sikunachebe. Chitani zonse nthawi imodzi. Uyu abweze miyala, uyu abweze mabelu, tsiku limodzi. Chovuta n'chiyani?"

Amuna aja anaganiza. Nzeruyo inali yabwino, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa onse awiri.

"Ine ndikakhala kuphiri ndikubweza miyala," anatero Mathis, "ndidziwa bwanji kuti kuno mabelu abwerera pakhoma?"

"Ndidzakuuzani ine," anatero Salome.

"Alamu ndi akazi anu, sangakhale mboni yanga," anatero Kaspar. "Inenso ndikatsala kuno, ndani akaone miyala?" Anakanda ndevu. "Chabwino. Ndipita nanu kuphiri. Mabelu ndiwaika m'thumba, ndipita nawo komweko, muziwaona ndi maso anu kuti ali omanga. Mpata ukatsekeka, titsikira nawo limodzi."

Ndipo mfundo imeneyi inaoneka yachilungamo kwa onse, ngakhale kwa Salome, amene anali atatopa. Umu ndi mmene mabelu aakulu anakwerera phiri mu Julaye, pamsana pa bulu, m'dzina la mtendere.

Lachisanu m'mudzi munalira ng'oma ya boma, nalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya nkhondo, anthu asayende chisawawa. Amuna aja sanatsike. Loweruka Salome anamanga buledi m'nsalu, nauyamba ulendo wa kuphiri.

Anafika dzuwa lili pamutu. Kubusa kunali bwino kochititsa mkwiyo. Udzu unali wobiriwira, ng'ombe zikudya mwakachetechete, timabelu tikungoti ngili ngili. Kaspar anakhala pa thumba la mabelu pafupi ndi kanyumba. Mathis anakhala pa mulu wa miyala pampata paja. Pakati pawo Tobias ankatsuka mphika waukulu wamkuwa wophikira mkaka.

"Takulandirani ku msonkhano wa mtendere, amayi," anatero. "Chiyambire agwirizana mfundo imodzi yokha, yakuti mnzakeyo ndiye ayambe. Bambo akaika mwala pampanda, bambo aang'ono akuti ndi waung'ono, suwerengedwa. Bambo aang'ono akasuntha thako, mabelu n'kugundana, bambo akuti wayamba, n'kuchotsanso mwala uja. Dzulo mpata unali wa ng'ombe ziwiri. Lero zitatu zikhoza kudutsa."

"Iwe osatseka wekha bwanji?"

"Ndinayesa. Bambo akuti ndagulidwa ndi Ajeremani. Nditati ndibise mabelu, bambo aang'ono akuti ndagulidwa ndi Afalansa. Ndine munthu wodula, amayi, mayiko awiri andigula sabata imodzi."

Salome asanayankhe, kuseri kwa mpanda kunamveka mluzu. Anali Firmin, mkamwini wawo, atavala malaya a kutchalitchi pa Loweruka, phukusi lili kumsana, m'manja muli kathumba.

"Apongozi," anatero atavula chipewa. "Andiitana. Ndikupita madzulo ano. Ng'ombe ndasiyira Odile ndi bambo anga."

"Odile ali bwanji?" anafunsa Salome.

"Akulira. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwino." Anatembenukira kwa Tobias. "Alamu, tikakumana uko, ulozetse mfuti kumwamba."

"Ndikakuzindikirani bwanji? Mudzakhala ambirimbiri, ovala mofanana."

Firmin anafuna kuseka, koma sizinatheke. Anatambasula dzanja napereka kathumba kaja kwa Mathis, amene anali pafupi. "Mchere uja ndinabwereka mwezi watha. Sindikufuna kupita ndi chinthu cha mwini."

Aliyense amene anawetako ng'ombe za kuphiri akudziwa kuti thumba la mchere zimalizindikira zili patali. Imodzi inadzutsa mutu, kenako ina. Posakhalitsa zonse zinayamba kuyenda pang'onopang'ono kulunjika kwa Mathis, amene anaima pampata penipeni, phazi lina ku Jeremani, lina ku Falansa.

Kaspar anaona zimene aliyense akanaona: mkulu wake ali pamalire ndi Mfalansa, mchere uli m'manja, ng'ombe zikulowera kumpata. Anang'amba chingwe cha thumba, natulutsa belu lalikulu, nathamangira kwa Lisel.

"Ikani mcherewo pansi, achimwene!"

"Wapenga? Wangondipatsa uyu!"

"Ikani pansi, apo ayi ndimuveka!"

"Alamu, musayerekeze!" anakuwa Salome. "Bambo a Tobias, tayani mcherewo!"

Mathis akanataya. Iye mwini ananena pambuyo pake kuti dzanja linali litayamba kale kutsika. Koma kutaya pamaso pa mkamwini wake Mfalansa, polamulidwa ndi mng'ono wake wopukuta nsapato za Ajeremani, chinali chinthu china. Anakweza kathumbako m'mwamba, nakagwedeza.

"Ukundiopseza ine? Bweza belulo m'thumba kaye!"

Kaspar nayenso ananena pambuyo pake kuti sankafuna kumanga lambayo, ankangofuna kuti mkulu wake aone kuti sakuseka. Anakoleka belu m'khosi mwa Lisel, nalowetsa lamba m'chitsulo chake, bowo loyamba lokha.

Koma ng'ombe si munthu, zoopsezana siizidziwa. Lisel anamva kulemera kuja m'khosi, kulemera kumene pa moyo wake wonse kunkatanthauza chinthu chimodzi chokha akakhala kuphiri. Anapukusa mutu. Belu linalira, liwu lakuya lomveka m'chifuwa, ndipo mapiri analibweza. Ng'ombe zonse zinaiwala mchere. Lisel anatembenuka, nalunjika njira ya kumudzi, Kaspar akukokeka pa lamba mpaka anagwa chafufumimba mu ndowe. Zinzake zinamutsatira, poyamba zikuyenda, kenako zikuthamanga, michira ili m'mwamba.

"Pa thanthwe paja zikagwera kuphompho!" Tobias anataya mphika. "Popanda wozitsogolera zikankhana!"

Salome anamugwira malaya. "Zisiye! Zigwe zonse! Ndati usatsike!"

"Amayi, Lisel ali ndi bere. Ndinamulera ndi manja angawa."

"Inenso ndinakulera ndi manja angawa!"

"Sindifika kumudzi. Ndikazidutsitsa pathanthwe, ndikazibweza pa dambo la m'munsi. Ndikulonjeza." Anamasula zala za mayi ake chimodzichimodzi, mofatsa, nathamanga kudzera chidule cha m'mitengo.

Pathanthwe anazidutsitsa zonse, palibe inagwa. Zimenezo anthu amazinenabe mpaka lero, kuti mnyamatayo anali m'busa weniweni. Koma belu la Lisel silinalire m'makutu mwa ng'ombe za a Iltis zokha. Pa mabusa oyandikana nawo ng'ombe zinalimva n'kuyamba kuthyola mipanda. Abusa ake, amene sabata yonse ankagona khutu lili kuchigwa, anati: a Iltis ali pamalire penipeni, ngati akutsitsa ng'ombe mu Ogasiti ndiye kuti aona kanthu. Sanafunse. Anatsegula zipata. Mmene Tobias ankafika pa dambo la m'munsi n'kutembenuka, njira yonse kumbuyo kwake inali nyanga zokhazokha, ng'ombe za mabanja ambiri zikukankhana pakati pa makoma awiri a miyala. Kutsogolo kokha ndiko kunali malo.

Kwathu ng'ombe zikamatsika, m'busa amayenda patsogolo, ndipo mudzi wonse umatuluka kudzamulandira. Tsikulo anthu anali atatuluka kale. Anasonkhana pakhomo pa tchalitchi, pamene mkulu wina wa asilikali, mnyamata wa ndevu zopotapota, anali pa kavalo akuwerenga lamulo loitana amuna onse a usilikali. A Kuhnke anaima pambali pake, chikalata ndi misomali zili m'manja. Mkuluyo anasiya kuwerenga chifukwa liwu lake silinkamvekanso. Anthu anapatuka, ndipo Tobias analowa pabwalo, thukuta lili chuchuchu, Lisel ali pambuyo pake, belu likugunda ngati la pa Khirisimasi.

"Mnyamata uyu ndani?" anafunsa mkuluyo.

A Kuhnke anayang'ana misomali imene inali m'manja mwawo. Anthu onse ankawayang'ana.

"Tobias Iltis, bwana. M'busa."

"Anatumikirapo?"

"Anatumikira, bwana."

"Taonani!" Mkuluyo anaimirira pa zopondera za kavalo. "Amati anthu a m'chigwa chino mitima yawo ili kuseri kwa phiri. Uyu lamulo lisanamupeze watsika yekha, ndi nyimbo yomwe, wabweretsanso nyama ya asilikali a mfumu! Tengerani chitsanzo!"

Ena anaomba m'manja, poti pamaso pa munthu wa pa kavalo manja amaomba okha.

Salome anafika dzuwa litapendeka, nsapato zili m'manja, mapazi akutuluka magazi. A Kuhnke anamupeza pachitsime. Sanamuyang'ane kumaso.

"Mayi, phiri sindinakwere," anatero. "Mwabwera naye nokha, ndi mabelu omwe."

M'mawa mwake anaperekeza Tobias ku sitima. Mathis anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti akangoona mabuluku ofiira ataye mfuti, akweze manja, akuwe kuti ndi wa ku Alsace. Kaspar anamukokera mbali inayo n'kumuuza kuti pankhondo wochedwa kuomba ndiye amaikidwa m'manda, asamvere za wina aliyense.

"Bambo akuti ndikweze manja, bambo aang'ono akuti ndikweze mfuti," Tobias anauza mayi ake. "Manja ndili nawo awiri okha. Samu iyi ndikaiganizira m'sitima."

"Usandiseketse lero," anatero Salome. Anamugwira dzanja nthawi yaitali, mpaka msilikali wina anawalekanitsa ndi thako la mfuti, mwaulemu ndithu.

Ng'ombe asilikali anazitenga sabata yomweyo, nasiya ziwiri zokalamba. Lisel anapita ndi bere lake. Kukhitchini kwa a Iltis mkangano sunathe, unangosintha mutu.

"Ukanapanda kuchotsa mabelu pakhoma."

"Mukanapanda kugumula mpanda."

"Ndinagumula chifukwa cha mabelu ako."

"Ndinamuveka chifukwa cha mchere wanu."

"Mchere unali wa Firmin!"

"Anakugwedezerani ndi Firmin?"

Salome sankalowereranso. Ankaphika, ankatsuka, ankakama ng'ombe ziwiri zija. A Kuhnke atamunong'oneza kuti gulu la Tobias silinapite kutali, alitumiza kukalondera njira za m'mapiri omwewa, anangogwedeza mutu.

Masana ena, sabata yachiwiri ili mkati, amuna aja ali patebulo ndipo Salome akusenda mbatatesi pakhomo, kuphiri kunamveka kugunda. Sichinali chiphaliwali, kumwamba kunalibe mtambo. Magalasi a m'mawindo ananjenjemera, nkhuku zinathawira kunsi kwa ngolo. Mathis ndi Kaspar anatuluka akukankhana pakhomo ngati ana, naima pabwalo, maso ali pa kautsi koyera kamene kankakwera pamwamba pa busa lawo.

"Athu amenewo!" anatero onse awiri nthawi imodzi, nkhope zikuwala. Kenako anayang'anizana.

"Athu ake ati?" anafunsa Mathis.

"Simukumva kulemera kwa liwulo? Ndi mzinga wa mfumu."

"Ugone! Wa Afalansa ndi umene umakhosomola choncho. Afika, Kaspar, afika!"

Salome anaika mpeni m'mbale, napukuta manja pa nsalu yake.

"Inu madoda odziwa za mayiko," anatero, osakweza mawu, "tandiuzani ine mbuli. Chipolopolo chimenecho chikuchokera kumene kuli mwana wanga, kapena chikupita kumene kuli iye?"

Mathis anatembenukira kuphiri. Kaspar anayang'ana nsapato zake. Kuphiri mzinga unagundanso, ndipo wina unauyankha.